Mpeni wa Che Akimu

M'mudzi mmene anabadwira Abiti Sharifu, ola limodzi pa njinga kuchokera pa Nselema, panalibe mbuzi imene inkafa mwaulemu popanda amuna awo, Che Akimu. Mudziwo ndi wosakanikirana, kuno Asilamu, uko Akatolika, makomo oyang'anana, madzi a pa mjigo umodzi. Mkhristu akakhala ndi ukwati kapena maliro amadziwa kuti theka la odzadya ndi Asilamu, ndipo Msilamu sakhudza nyama yosazingidwa mwa Chisilamu. Ndiye ukafuna kuti mbale zako zisabwerere zodzaza, unkatumiza uthenga kwa Che Akimu. Zikangomveka kuti nyama yadutsa m'manja mwawo, anthu ankasamba m'manja osafunsanso kanthu.

Che Akimu anabwera m'mudzimo ngati mkamwini, ali mnyamata wowonda wolankhula choyang'ana pansi, ndipo anagwira mpeniwo zaka makumi atatu. Ntchitoyo inalibe malipiro kupatula khosi la nyamayo, limene ankabwera nalo kunyumba atalikulunga m'tsamba la nthochi. Koma ankaigwira ngati anawalemba ndi boma. Mpeni ankanolera kuseri kwa nyumba kuti mbuzi isaone. Ankayamba aimwetsa madzi, n'kuigoneka moyang'ana kumpoto kumene Asilamu amayang'ana poswali, kenako n'kuthamangitsa mbuzi zinzake kuti zisaonerere. Eni mwambo moto atakoleza kalekale, madzi akuwira, iwo ali phee, kusisita mbuzi pakhosi. Tsiku lina anakana kuzinga nkhuku ya mlamu wawo chifukwa inabwera chozondoka pa njinga kuchokera ku Ntaja, ndipo anati iyambe yapuma. Nkhukuyo inapuma masiku awiri, alendo anadyera nandolo.

Abiti Sharifu ankawakonda amuna awo, izo n'zosachita kufunsa, koma manyazi awowo ankawatopetsa. Munthu wake anali woti akapatsidwa chakudya kwa eni amasiyako njala ikumupweteka. Mbuzi za eni zikalowa m'munda mwawo, ankazikusa bwinobwino mpaka kwa mwini wake, n'kukapepesanso kuti zadya chimanga chosakhwima, mwina zitsegula m'mimba.

"Mulungu akanakuchotseraniko pang'ono manyaziwa, bwenzi tikudya ngati anzathu," Abiti Sharifu ankatero kawirikawiri. Mawu amenewa anadzawakumbukira pambuyo pake, ndipo sanawanenenso.

Chaka cha dzana, m'mwezi wa Okutobala, Che Akimu ankachokera ku msika wa pa Nselema atamangirira mbuzi pa kaliyala. Pa chitsikiro china mbuziyo inaphiriphitha, njinga inapotoka, iwo n'kukamenyetsa chipumi pa simenti ya kamlatho. Mbuziyo inadzuka ilibe ndi bala lomwe, n'kuyamba kudya udzu pambali pawo. Anthu oseleula a m'mudzimo amati mbuzi zinachita msonkhano n'kutuma imodzi.

Ku chipatala cha ku Liwonde anakhala masiku anayi ali chikomokere. Tsiku lachisanu anatsegula maso, anapempha madzi, anatchula ana awo onse asanu motsatana ndi kubadwa kwawo, ndipo madzulo ake anaswali ali chogona osaphonya liwu ndi limodzi. Abale anayamika Mulungu n'kubalalika kukauza anthu kuti Che Akimu achira. Anabwerera kumudzi akuyenda okha, ali ndi chipsera pachipumi chimene mzuli wawo unkachiphimba akauvala motsitsa.

Woyamba kuona kuti munthu amene anabwera naye si yemwe uja anali Abiti Sharifu. M'mawa Che Akimu ankaima kutsogolo kwa makasu awiri, kutola ili, kulisiya, kutola linalo, kufotokoza ubwino wa mpini uliwonse, mpaka dzuwa kufika paliwombo asanapite kumunda. Koma zinthu zazikulu ankangozigamula ngati kuphethira. Mtedza wonse wa mbewu anausinthanitsa ndi wailesi yosalankhula, chifukwa mwini wake anati vuto ndi kawaya kamodzi. Mlendo wina wolemekezeka anamuuza pamaso kuti mkanjo wake ukununkha nsomba. Zimenezi anthu ankaseka, ena n'kumati Che Akimu tsopano aphunzira kulankhula atakalamba. Abiti Sharifu nawonso ankaseka nawo, mpaka tsiku limene anawapeza akudya phala la mdzukulu wawo wodwala malungo, mwanayo ali pamphasa akuwayang'ana.

"Bambo a Ramla, zimene mukuchitazi n'zabwino?"

"Iyayi, n'kulakwa," anayankha Che Akimu, ngati munthu wofunsidwa kuti lero ndi lachingati. Ndipo anapitiriza kupala m'mbale.

Atapita nawo kukaonedwanso ku chipatala cha ku Liwonde, Abiti Sharifu anadikira kuti amuna awo atuluke, n'kufotokozera dokotala wamkazi, mayi Gladys, zonse monong'ona. Dokotalayo anagogoda chipumi chake ndi cholembera.

"Mayi, kuseri kwa chipumi kuno kuli mbali ya ubongo imene imamugwira munthu asanachite chinthu. Malamulo bambowa akuwadziwa onse, mukawafunsa ayankha kuposa inu ndi ine. Koma kaja kamakubaya mumtima ukafuna kulakwa, kaja kamakutenthetsa nkhope anthu akakuyang'ana, n'kamene kanavulala. Si ufiti, komanso si mwano. Mwina kabwerera pang'ono, mwina ayi."

"Ndiye mankhwala ake alipo?"

"Mankhwala ake ndinu, mayi. Musamawatalikire."

Abiti Sharifu sanauze munthu aliyense mawu amenewa. Chifukwa chake chinali mpeni. Kumunda amuna awo anali atasiya kuthandiza, pabwalo anthu anali atayamba kuwamvetsera ngati akumvetsera mwana. Koma uthenga ukabwera woti kwakutikwakuti kuli mbuzi, Che Akimu ankavala mzuli, kutenga mpeni pamwamba pa khoma, n'kuyenda m'mudzi mutu uli mmwamba, anthu akuwapatsa moni wa kale uja. Ulemu wonse umene unatsala pakhomopo unali pa mpeni umenewo, ndipo mayiwo anatsimikiza mtima kuti sadzalola munthu kuwalanda.

Zinayenda choncho mpaka mwezi wa Julaye, anthu atakolola, nthawi yomanga ziliza. Mayi Bernadetta, Mkatolika wa khomo loyang'anana ndi lawo, anamangitsa chiliza cha malemu amuna awo, a Elliam, ndipo anaitana mudzi wonse kudzadya akachoka kumanda. Iwo ndi Abiti Sharifu ankaitanana achemwali kuyambira ali atsikana, ndipo mchere ndi moto ankapalana osagogoda. Mayi Bernadetta anali ndi mbuzi imodzi yokha, yowonda ngati yabwereka miyendo, ndipo imeneyo ndi imene anaimangirira pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini, kudikira Che Akimu.

M'mawa wa tsikulo Che Akimu analawira dzuwa litangotuluka. Abiti Sharifu asanamalize kusesa pabwalo anangoona abwerera, khosi la mbuzi lili m'tsamba la nthochi.

"Lero ndiye mwafulumira."

"Sinavute. Ndinaipeza itafa kale."

Abiti Sharifu anaimika tsache. "Mwati bwanji?"

"Inadzikola ndi chingwe pa mtengo paja. Inali ikadali yofunda. Amayi onse anali ku mjigo, ndiye ndinangotchula dzina la Mulungu n'kuizinga. Ndasenda, nyama ili pa mtengo."

"Bambo a Ramla, imeneyo ndi nyamafu. Ndi haramu."

"Eya, ndi haramu," anavomera Che Akimu, akufunafuna poika khosilo. "Koma taganizani. Anthu akubwera ambiri, mbuzi ndi imodzi, mayi Bernadetta alibe ina. Nyamayo si yowola, palibe amene adwale. Wodya asakudziwa alibe tchimo. Ndiye wapwetekedwa ndani?"

Chimene chinawaopsa Abiti Sharifu n'chakuti mawuwo anali oyalana bwino, opanda polowa. Anawayang'ana amuna awo kumaso kufuna kuona ngati chikope chingagwedere, koma nkhope inali yosalala ngati ya munthu wochokera kosamba.

"Kale mukanachita zimenezi?"

"Iyayi. Kale sindikanayerekeza."

"Nanga lero chasintha n'chiyani?"

Che Akimu anakhala pa mtondo n'kuganiza moona mtima. "Ndinaima pamenepo kanthawi, kudikira chija chinkandiletsa. Sichinabwere. Ndiye ndinazinga."

Abiti Sharifu analowa m'nyumba, anatuluka, analowanso. Kukhala chete kunali kosavuta. Palibe anaona, nyama ikalowa mumphika sinena mbiri yake, ndipo mpeni ukanakhalabe pakhomo. Koma ankaona m'maganizo mwawo anthu amene amaswali nawo akusamba m'manja osafunsa, chifukwa chokhulupirira dzina la amuna awo. Akati akanene, ankaona Che Akimu atakhala pakhonde tsiku ndi tsiku, uthenga ukupita kwa munthu wina. Anakwiyira mbuziyo, anakwiyira chingwe, anakwiyira ndi malemu Elliam omwe chifukwa chofuna chiliza. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu n'kuwoloka bwalo.

Anawapeza mayi Bernadetta akupeta mpunga. Anawakokera kuseri kwa nkhokwe n'kuwauza zonse, maso ali pansi.

"Mayo ine," anatero mayi Bernadetta chapansipansi. "Nanga anthu onsewa ndiwadyetsa chiyani, achemwali? Bonya pa chiliza cha bambo a Jasten?"

"Kwathu kuli tonde uja ndimasungira chikondwerero cha Idi. Tengani ameneyo. Koma chonde, nkhaniyi ithere pano."

"Iyayi, achemwali, tonde wanu yekhayo?"

"Tonde ndi nyama. Amuna anga akalandidwa mpeni, atsala ndi chiyani?"

Mayi Bernadetta anangowagwira dzanja. Amayi awiriwo anagwira ntchito mwaliwiro loti akanakhala akuba bwenzi atatchuka mpaka ku Nayuchi. Nyama yoyamba ija anaiika m'thumba n'kuipereka kwa a Kumbu, mchimwene wa mayi Bernadetta wa kutsidya kwa dambo, munthu amene sanafunsepo nyama kumene yachokera. Chikopa ndi khosi lija zinapita m'thumba momwemo. Mpeni unatsukidwa katatu. Tonde anakokedwa kudzera m'munda wa nandolo akulira ngati akudziwa kuti akufera mlandu wa eni. Abiti Sharifu anagwira okha miyendo, ndipo Che Akimu anazinga bwinobwino, dzanja losanjenjemera, mawu onse m'malo mwake.

"Tsopano tamverani, bambo a Ramla. Nkhani ya mbuzi yoyamba ija musaitchule kwa munthu."

"Chabwino."

"Mwamva?"

"Ndamva. Nkhani ya mbuzi yoyamba isatchulidwe."

Anthu anabwera kuchokera kumanda dzuwa litapendeka, akwaya akupukuta thukuta, ndipo anakhala magulumagulu, abambo pansi pa mtengo wa mango, amayi kukhitchini. Pagulu la akuluakulu panali Shehe Usumani, mtsogoleri wa mzikiti wa m'mudzimo, amene ankasewera bawo ndi malemu Elliam kwa zaka zambiri, kukangana za masewerowo ndi za chipembedzo osagonjetsana. Mpunga unali wa kilombero, nyama inali yofewa, ndipo Abiti Sharifu, amene ankazungulira ndi jagi ya madzi kuti asatalikire amuna awo, anayamba kupuma bwino.

"Koma mayi Bernadetta amabisa chuma," anatero Shehe Usumani akunyambita chala. "Mbuzi yawo ine ndinkaiona yowonda, nthiti zowerengeka. Mafuta onsewa anali pati?"

"Yowonda ija ndi yoyamba," anayankha Che Akimu mkamwa muli mpunga. "Ndinaipeza itafa, ndinaizinga, koma akazi anga anakana. Iyi ndi yathu, tonde wa Idi."

Anatero mokoma mtima, ngati munthu wothandiza mlendo njira. Kenako anaona nkhope ya akazi awo, n'kuwonjezera kuti, "Ndinauzidwa kuti ndisanene."

Pansi pa mtengo wa mango manja anaima m'mbale. Bambo wina anatulutsa pang'onopang'ono nthuli imene inali kale mkamwa n'kuyamba kuiyang'ana ngati ingamuuze chinachake. Abiti Sharifu anamva kutentha kuchokera m'khosi mpaka m'makutu, ndipo akanakonda nthaka itang'ambika. Chinsinsi chimene amayi awiri anachinyamula m'thumba, kuchidutsitsa m'nandolo, chinatha ndi funso limodzi la mafuta.

Shehe Usumani sanakweze mawu. "Abiti Sharifu, nyama tikudyayi, mbuzi yake inali yamoyo?"

"Inali yamoyo, shehe. Miyendo ndinagwira ndine. Mulungu ndi mboni."

"Yoyambayo ili kuti?"

"Inatuluka m'mudzi muno isanakhudze mphika."

Shehe anagwedeza mutu, anatenga nthuli ina n'kuiika mkamwa kuti onse aone. Anthu anayambiranso kudya, koma mwakachetechete, ndipo a Kumbu anaoneka otanganidwa kwambiri ndi fupa lawo.

Mbale zitachotsedwa, shehe anaitana Che Akimu ndi akazi awo pambali, pafupi ndi khola la mayi Bernadetta lopanda mbuzi. Anayamba ndi kukumbutsa zaka makumi atatu, maukwati ndi maliro, nkhuku ndi mbuzi zosawerengeka, kuti palibe tsiku limene munthu anadandaulapo. Abiti Sharifu anadziwa kumene mawu okoma chonchi amathera.

"Shehe, ine ndizipita nawo kulikonse," anatero mwachangu. "Ndiziona ndi maso anga. Dzanja lawo likadali labwino, mwaona nokha lero."

"Dzanja ndi labwino, mayi, sindikukana. Koma anthu sankadya dzanja. Ankadya osafunsa, chifukwa ankadziwa kuti Che Akimu ali okha kuseri kwa nyumba ndi chimodzimodzi Che Akimu ali pagulu. Lero aliyense azidya akufunsa. Si mlandu wawo, ndi matenda, ndipo Mulungu sawerengera munthu chimene wamuchotsera yekha. Koma mpeni upume. Kuyambira lero azizinga ndi Che Ahmed a ku mzikiti kwathu."

Onse awiri anayang'ana Che Akimu.

"Mwaweruza bwino, shehe," anatero iwo. "Munthu wozinga nyamafu sayenera kugwira mpeni wa mudzi. Ine ndikanakhala inu ndikanatero." Ananena ngati akukamba za mkamwini wa mudzi wina. Kenako anasuzumira kukhitchini n'kufunsa ngati mumphika mwatsala mafupa.

Shehe Usumani anawayandikira. Anawagwira phewa Che Akimu kanthawi, n'kuchoka akukonza mzuli wawo umene unali wokhala bwino kale.

Kuchoka pa mayi Bernadetta kufika kwawo ndi kungowoloka bwalo, koma Abiti Sharifu sanafune kudutsa pamaso pa amayi amene ankatsuka mbale. Anadzera njira ya kumunda, beseni lili pamutu, amuna awo akutsatira pambuyo ndi mpeni wokulunga m'nsanza. Atafika pakati pa nandolo, pamene panalibe wowaona, Abiti Sharifu anaima. Anatula beseni, anakhala pa mzere, ndipo misozi imene anaisunga kuyambira ku Liwonde inatuluka yonse. Ankalira tonde, ankalira manyazi a tsikulo, koma kwambiri ankalira mwamuna wamanyazi uja, amene anapita ku msika wa pa Nselema tsiku lina osabwerako.

Che Akimu anaima n'kumawayang'ana mwachidwi.

"Mayi a Ramla, mpeni walandidwa ndi wanga. Nanga mukulira ndinu bwanji?"

"Nanga alire ndani? Zaka makumi atatu, bambo. Mawa anthu azidutsa pakhomo pathu ndi mbuzi kupita kwa Che Ahmed. Inu simukumva kanthu?"

Che Akimu anakhala pansi pambali pawo. Anaika dzanja pachifuwa ngati munthu womvetsera ngati mvula ikubwera.

"Ndikudziwa kuti apa ndi polira," anatero potsiriza. "Ndikudziwa bwinobwino. Ndikukumbuka kuti kale chinthu chotere chikanandidwalitsa sabata yathunthu. Ndikufunafuna m'katimu, koma muli zii."

Abiti Sharifu anapukuta mphuno ndi chitenje.

"Ndiye musafulumire," anapitiriza Che Akimu. "Lirani bwinobwino, mundilirireko ndi ine. Ine zikundikanika."

Abiti Sharifu analira za anthu awiri, mpaka mithunzi ya nandolo inatalika. Amuna awo anakhala pomwepo osasuntha, atanyamula beseni pamiyendo, kudikira kuti amalize.